Mfuti ya malemu pachingwe choyanikira

Mukadzafika ku Area 25 n'kufunsa za mayi amene anachapa mfuti, palibe amene adzakufunseni kuti mayi uti. Adzakulozerani nyumba ya malata obiriwira. Koma musadzagogode kutsogolo, muli anthu a lendi. Mudzazungulire kuseri, pakanyumba kamene kale tinkasungiramo makala. Ine ndimakhala mmenemo.

Amuna anga, a Bambo a Mphatso, anali dalaivala pakampani ina ya fodya. Anali munthu wosamwa mowa, wosasuta, wosayenda ndi akazi. Vuto lawo linali limodzi, mfuti. Anali ndi mfuti yaing'ono ija ya m'manja, ya chiphaso cha boma bwinobwino. Loweruka lililonse ankaimangirira m'chiuno m'kachikwama kachikopa, n'kuvala jekete pamwamba, ulendo kufamu ina kupitirira Njewa. Kumeneko ankakumana ndi anzawo n'kumawombera mapepala ndi zitini. (Zitini zosalakwa. Akuba atabwera kudzatenga nkhuku zathu zonse, mwini mfuti anali akuliza mkonono.)

Lamulungu tikabwera kutchalitchi ankayala nyuzipepala patebulo, kuiphwasula mfutiyo, kundanditsa tizitsulo tonse, kupukuta kamodzikamodzi, kudontheza mafuta a m'kabotolo kake. Nkhope yawo inkafewa ngati akusambitsa khanda. Ine ndikayandikira ndi tiyi ankangoti, "Amake Mphatso, izi si za kukhitchini. Ikani kapuyo uko." Zaka zonse zija sanandiuzeko ngakhale chinthu chimodzi cha mfutiyo. Ndinkaitcha mkazi mnzanga, iwo n'kumaseka, osakana.

Matenda a shuga anawatenga mvula itangoyamba. Tinakawaika kwawo ku Dowa. Dothi la pamanda lisanaume n'komwe, alamu anga aakazi, motsogozedwa ndi a Esinati, anayamba kufunsa kuti nyumba ya m'tauni ili ndi zipinda zingati. Akulu awo a malemu, a Fanuwelo, anandiitanira pambali.

"Mlamu, musade nkhawa. Azichemwali angawa akufuna nyumba, koma ine ndiwakhazika pansi, amandimvera. Mukhala momwemo ndi mwana. Ine ndikufuna kachitsulo kaja basi. Tsiku logawa katundu ndidzakapeze kali bwino."

Ndinagwada n'kuthokoza. Nyumba ya zipinda zitatu, imene njerwa zake ndinasenza ndekha pamutu, inali itatsamira pa mkazi mnzanga uja.

Tsono kwathu katundu wa malemu sagawidwa wosachapa. Chilichonse chimene munthu ankavala kapena kugwira chimayamba chalowa m'madzi, kenako n'kupita kwa ena. Mayi anga anatero bambo atamwalira, ndipo sindinaonepo wina akuchita mosiyana. Ndinachapa malaya, mathalauza, bulangeti, nsapato, ngakhale chipewa. Pomaliza ndinatsegula bokosi lachitsulo la kunsi kwa bedi. Zipolopolo zinali m'kachitini kake pazokha, ndinazisiya (nzeru pang'ono zinalipo). Mfutiyo nditaigwira, manja onse mafuta okhaokha, yakuda bii, fungo ngati la kugalaja. Ndinati, a Fanuwelo akaona chonchi adzati mlamu ndi wauve.

Ndinaiviika m'beseni la madzi otentha ndi sopo waufa, n'kuisiya kuti litsiro lifewe. Kenako ndinatenga sitiliwulu ndi phulusa, monga timachitira ndi poto wopserera. Nditakwecha pang'ono, chakuda chija chinayamba kuchoka, pansi pake n'kuoneka chitsulo choyera, chonyezimira. Ndinakwiya. Ndinati, onani bamboyu, zaka zonsezi kumangopaka mafuta pamwamba pa litsiro! Ndinakwecha ndi mtima wonse. Ndisaname, nsanje ya zaka zambiri inathera m'sitiliwulu ameneyo. Ndinakwecha ndikulira, kwinaku ndikuiuza kuti, "Lero wafika kukhitchini."

Ndinaitsukuluza, n'kuikoleka pachingwe ndi pegi, pakati pa malaya a malemu ndi sokosi, kukamwa kwake kuloza pansi kuti madzi atsike.

Amake Tadala, mnansi wathu, anabwera kudzapempha moto. Atangokhota pakona anataya mbale yake.

"Mayo ine! Achemwali, chimenecho n'chiyani?"

"Ndachapa."

"Mwachapa mfuti?"

"Nanga si katundu wa malemu?"

"Ndiye muiyanike ngati kabudula wa mwana? Anthu akaona ati mwatsegula uchigawenga! Bisani msanga!"

Mawu akuti uchigawenga anandiopsa. Ndinaiyanula ikudontha, kuikulunga m'tawulo, kuiika m'jumbo n'kumanga pakamwa zolimba, n'kuibwezera m'bokosi. (Amake Tadala analumbira kuti sauza munthu. Dzuwa lisanalowe, ogulitsa matemba kumsika anali atamva.) Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku. Ine ndinali ndi maliro mumtima, za jumbo ndinaiwala.

Ndinakumbukira uthenga utabwera wakuti akuchimuna afika Loweruka. Nditamasula jumbo lija ndinakhala pansi. Mfuti inali yofiira ngati msewu wa ku Mtandire, dzimbiri lokhalokha, mpaka tawulo linamatirira. Ndinafufuza kabotolo ka mafuta ka malemu, osakapeza. Ndinati mafuta ndi mafuta basi, ndinatenga ophikira, n'kuthira paliponse pamene panali kabowo. Kutacha ndinapeza nyerere zapanga mzere kuchokera pakhomo mpaka m'bokosi, zikulowa kukamwa kwa mfuti n'kutulukira kumbuyo ngati zapeza nyumba ya lendi yaulere.

Munthu wanzeru akanalekera pamenepo n'kukafunsa anzawo a malemu aja. Ine ndinaona kuti vuto ndi mtundu. Inali yakuda, iyenera kukhalanso yakuda. Ndinatenga polishi wa nsapato ndi bulashi, kupaka, kudikira, kupakanso. Ikakhala patali pang'ono, komanso ngati maso anu ali ofooka, inkaoneka ngati yatsopano.

Loweruka pabalaza panadzaza. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pamipando, ife azimayi pamphasa, katundu wa malemu ali pakati, woyera, wosita. A Fanuwelo anabwera ndi malaya oyera a manja aatali ngati akupita kuukwati. Zovala sanaziyang'ane n'komwe.

"Mlamu, kachitsulo kaja."

Ndinawapatsa ndi manja awiri nditagwada. Anaimirira, kuilowetsa m'lamba monga ankachitira mng'ono wawo, n'kuyenda pabalaza kawiri, chifuwa patsogolo. Ataisolola, malaya oyera aja anali ndi chithunzi cha mfuti pamimba, chakuda bii. Anayang'ana manja awo. Ananunkhiza.

"Kodi ikununkha nsapato bwanji?"

 Anayesa kukoka chitsulo chapamwamba chija chimene malemu ankachikoka ndi zala ziwiri. Sichinasunthe. Anaipana ndi mawondo, kukoka mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Chimene chinatuluka m'mfutimo ndi dontho la mafuta ophikira ndi nyerere imodzi yotsalira, imene inayenda pa dzanja lawo mosapupuluma.

"Mwaitani mfuti ya mng'ono wanga?"

"Ndinachapa, alamu. Monga mwa mwambo."

Nkhoswe yanga, amalume anga enieni, anaphimba kumaso ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Koma a Esinati sanaseke. Anaomba m'manja kamodzi.

"Achimwene, mwaona? Tinkanena ife. Wachita dala kuti musadyepo kanthu. Munthu wowononga chachitsulo, nyumba angaisamale?"

Ndinayang'ana a Fanuwelo kuti awakhazike pansi azichemwali awo monga analonjezera. Iwo anali kalikiliki kupukuta malaya ndi mpango, banga likungokula. Anapitiriza kupukuta mpaka nkhani inatha. Ankhoswe anagwirizana kuti nyumba yaikulu ilowe anthu a lendi, akuchimuna aziyang'anira "m'malo mwa mwana" mpaka Mphatso adzakule. Ine ndi mwanayo tipite kuseri. Ponyamuka, a Fanuwelo anaponya mfuti ija pamphasa pafupi ndi mapazi anga.

"Gawo lanu ndi limenelo. Muziichapa."

Lolemba ndinaiika m'chikwama cha kutchalitchi pamodzi ndi kachitini ka zipolopolo ndi chiphaso cha malemu, n'kukwera minibasi kupita kupolisi. Moyo wanga wonse ndinanyamula mfuti tsiku limenelo lokha. Kondakitala atandikankha kuti ndisunthe, ndinamuyang'ana n'kuganiza kuti, mwana iwe ukanadziwa. Kenako ndinakumbukira kuti ngakhale nyerere sinaiope.

Wapolisi wachikulire anaitembenuza ndi nsonga ya cholembera.

"Amayi, inamira mumtsinje wa Lingadzi?"

Ndinafotokoza zonse. Anaitana anzake awiri kuti ndibwerezenso pa polishi paja. Atatha kupukuta misozi anandiuza kuti chakuda chimene ndinakwecha chija sichinali litsiro, chinali chovala chake chotchinga dzimbiri. Kenako anawonjezera mawu amene mpaka lero amandidzutsa.

"Komatu ngakhale ikanakhala yabwinobwino, alamu anuwo sakanangoitenga ngati jekete. Chiphaso ndi cha malemu. Mwini akamwalira, mfuti imayamba yabwera kuno."

Ndiye kuti ndinkagula nyumba yanga yomwe ndi chinthu chimene sichinali changa kupereka, kwa munthu amene sichinali chake kulandira. Wapolisiyo anati za nyumbazo ndikhoza kukadandaula, malamulo alipo oteteza amasiye. Ndinapita ku ofesi ya boma imene anandilozera. Anandiuza kuti ndibwere ndi mapepala a malo, ndipo mapepalawo anapita ku Dowa m'thumba la jekete lija la Loweruka, limene ndinalichapa ndi kulisita ndekha, n'kuwabwezeramo bwinobwino. Nkhaniyo ikuyendabe, pang'onopang'ono ngati nyerere ija.

Kabotolo ka mafuta ndinadzakapeza posamuka, kali m'nsapato yakale kuseri kwa kabati. Lamulungu masana ndimadontheza pang'ono pa mahinjesi a chitseko cha kanyumba kathu, fungo lija limadzaza chipinda, ndipo kwa kanthawi zimakhala ngati munthu wina andiuza kuti ndiike kapu uko. Ndimawakwiyirabe. Liwu limodzi lokha, lakuti musadzaichape, likanawatayitsa chiyani?

Amake Tadala amandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu. Ndimati eya. Koma mumtima ndimadziwa kuti chinthu cha malemu sindikanachipereka chosachapa. Kulakwa kwanga kunali kuyanula isanaume.