Mmene ndinapukutira galimoto ya Che Saidi kuchigayo

Anthu kuno amati ndine munthu wosamala. Mankhwala opopera mpunga sinditsegula ndisanawerenge pabotolo, ndipo njinga yanga sinagwerepo m'ngalande za kusikimu ya mpunga. Mwina n'chifukwa chake nkhani iyi anthu amaiseka kwambiri. Ine sindinayambe kuiseka bwinobwino.

Mwana wanga woyamba, Esinati, ankakwatiwa Loweruka. Galimoto ine ndilibe. Che Saidi, anansi athu ochita malonda a nsomba, atamva kuti tikusakasaka chokwera mkwatibwi anabwera okha kunyumba.

"Bambo a Esinati, mwana uyu ndamuona akukwawa. Apite kutchalitchi pa kabaza ine ndili moyo? Tengani galimoto."

Inali yakuda bii, yongogula kumene. Matemba sankalowamo, matemba ankakwera lole yawo yakale. Iyi inali ya kumzikiti ndi ku Zomba basi. Anandipatsa makiyi Lachisanu mmawa, ndipo tsiku limenelo kumzikiti anapita wapansi.

Palibe anandituma kuti ndiipukute. Ndinangofuna kuti ndidzaibweze ikuwala kuposa mmene ndinailandirira, chifukwa kuthokoza kwa pakamwa ine sindikutha. Mlamu wanga, amene anagwirako ntchito yotsuka magalimoto ku Joni, ali ndi makina amagetsi opukutira, aja ali ndi siponji yozungulira kutsogolo. Anandibwereka pamodzi ndi chitini cha polishi wa galimoto.

"Alamu, mumvetse. Muitsuke kaye, iume. Mugwire mumthunzi, osati padzuwa. Shati mupisire, chingwe chidutse paphewa. Siponji igunde kaye galimoto ndiye muyatse. Polishi pang'onopang'ono, malo amodzi mukamaliza ndiye mupite pena. Ndipo osakanikiza."

Ndinamuuza abwereze, anabwereza.

Kwathu magetsi sanafike, choncho nditaitsuka ndinapita nayo kuchigayo cha mpunga. Ndinapeza magetsi atathima, amayi atakhala pa matumba awo kudikira. Wapachigayo anandilola kulumikiza chingwe changa. Ndinayang'ana mthunzi, ndipo ndinaupeza wabwino kuseri kwa chigayo, pamalo oyera ngati asesapo. (Anali oyera chifukwa owotcha njerwa anali atatuta mankhusu onse dzulo lake. Paipi yolavula mankhusuwo inali pamwamba pa mutu wanga. Ndakhala ndikulima mpunga moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo sindinayang'ane kumwamba.)

Ndinapisira shati, ndinavula wotchi, ndinavala magalasi. Magetsi osabwera. Manja anayamba kuyabwa. Ndinati m'malo mongokhala, bwanji ndipakiretu polishi kuti akayaka ndingodutsamo. Ndinapaka boneti, kenako zitseko, kenako denga. Galimoto yonse inali nyatanyata.

"Ayaka!" anakuwa mayi wina kutsogolo.

Ndinaika siponji pa boneti, chingwe paphewa, n'kuyatsa. Nthawi yomweyo chigayo nacho chinalira. Zoti magetsi akayakira ine ayakiranso chigayo, sindinaziganize.

Poyamba ndinangomva kuyabwa m'khosi. Maso anga anali pa chingwe, kuopa kuti chingakulungidwe. Nditadzutsa mutu ndinaona galimoto yonse yamera mankhusu, atamatirira pa polishi uja. Mayi wina wachikulire, amene anazungulira kuseriko kudzakung'untha thumba, anaima n'kugwira m'chiuno.

"Abambo, mukupukuta galimoto kapena mukutendera ndiwo?"

Apa munthu wanzeru akanathimitsa makina, n'kuchotsa galimoto, n'kukaitsukanso. Ine ndinaganiza za magetsi athuwa, kuti akathimanso ndiye mpaka mawa. Ndinati siponji ichotsa yokha zinyalalazi. Ndinawonjezera liwiro. Makina anayamba kulira mokwecha, ndipo pamene polishi anauma ndinakanikiza. M'mphepete mwa boneti munayamba kutentha, ndipo pamene ndinkachotsa dzanja utoto wakuda unali utapita, patatsala chigamba chotuwa ngati chikhatho changa.

Mankhusu a mpunga amakanda. Aliyense amene anapunthapo mpunga akudziwa zimenezi pa mikono yake. Nditaitulutsa padzuwa, galimoto yonse inali mizere yozungulirazungulira, ngati kunsi kwa poto wokwechedwa ndi mchenga.

Zala zanga zonse zinali bwinobwino. Shati sinang'ambike. Ndinadzisamala ndithu.

Ndinapita nayo kwa Che Saidi atangobwera kuchokera kumzikiti. Anaizungulira, kenako anaika chala pa chigamba chija.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine."

"Ndi manja?"

"Ndi makina."

"Eya. Ndimadabwa. Munthu ndi manja okha sangafike apa." Anapukuta chala pa mkanjo wawo. "Mawa ndi ukwati wa mwana. Za galimoto tikamba Lolemba."

Loweruka amayi a kutchalitchi anakuta boneti ndi nsalu yoyera, zitseko anapachika maliboni ndi maluwa mpaka utoto osaoneka. Anthu anati sanaonepo galimoto yokongoletsedwa chonchi. Esinati anakwera akumwetulira, osadziwa kanthu. Che Saidi anabwera ku madyerero, anafupa, anaseka ndi anthu. Ine mpunga wa paukwati wa mwana wanga sindinaudye. Sindinkaopa kulipira. Ndinkaopa kuti munthu amene takhala naye bwino zaka zonsezi ayamba kumandipatsa moni wa patali.

Lolemba ndinalawira kwawo. Ndinati ndigulitsa mpunga, galimoto yonse ikapakidwe utoto ku Zomba.

"Boneti yokha," anatero. "Zitseko zisiyeni. Mwangokwatitsa kumene, mudya chiyani?"

Ndinayesa kukana, anakweza dzanja. Anandithirira tiyi, tinamwa. Ndikutsanzika anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo anafunsa za mwana wanga wachiwiri, amene ali Folomu 4.

"Ameneyo akamadzakwatiwa, galimoto ilipo. Koma ndidzabwera nayo ndekha, mmawa wa tsiku lomwelo, ndi fumbi lake."

Ndinavomera. Makina ndinabweza kwa mlamu, ndipo sanandifunse zambiri. Koma ndinene zoona. Galimotoyo ikamadutsa masana, dzuwa likawomba pa zitseko zija, ndimaima n'kumaiyang'ana. Ndimaganiza kuti nditapeza mthunzi wabwino, kutali ndi chigayo, mizere imeneyo ndikhoza kuichotsa.

Che Saidi sindinawauze.