Maliro a Kazitape ku Zakazaka

Nkhani iyi kuntchito ndimaibisa, chifukwa kumeneko amanditenga ngati munthu woganiza bwino. Koma poti ku Zakazaka konse amaidziwa kale, bola muimve kwa mwini wake. Ndi yochititsa manyazi, ndipo manyaziwo ndinawaphika ndekha.

Ine ndimakonda mafilimu a kazitape uja wovala suti, amene boma la kwawo limamutuma kukasokoneza zigawenga. Anandizoloweza ndi achimwene anga ndili ku koleji. Loweruka lililonse tinkapita ku vidiyo shoo ina ku Chikanda, kukhala pa benchi lothina, tepi ikudukaduka, mwini wake akuipukuta ndi malaya. Osewera akhala akusinthana zaka zonsezi, koma kazitapeyo osakalamba. Wakalamba ndine.

Chaka chatha tinasamukira ku Zakazaka. Patangotha masabata atatu, amuna anga, bambo a Tadala, anapita ku wekishopu pamwamba pa phiri. Anthu a m'deralo anali asanawadziwe nkhope, poti amalawirira kuntchito. Tadala anali ku sukulu yogonera konko. Loweruka masana ndinali ndekha, ndiye ndinatsegula laputopu kuti ndionere filimu yomaliza ya kazitape uja, imene ndinakhala ndikuizengereza.

Palibe amene anandichenjeza kuti kumapeto kwake munthuyo amafa.

Ndinalira, abale. Kenako ndinatuluka pakhonde, pamene netiweki imagwira, n'kuimbira achimwene ku Lilongwe.

"Achimwene, wapita! Wafa ndithu!"

"Iwe ukudziwa lero?" iwo anaseka. "Usalire, akuti ayamba kufunafuna wina."

"Zaka makumi awiri ndili naye! Munandionetsa ndinu ku Chikanda!"

Nditadula foni ndinaona Abiti Saidi, a nyumba yoyandikana ndi yathu, ataima pa mpanda ndi zovala zonyowa m'manja. Anaziika mu beseni, kulowa pageti, kuvula masilipasi, n'kukhala pansi pakhondepo.

"Pepani, anzathu. Ndamva zonse."

Apa ndidziteteze pang'ono. Banja lawo lili ndi shopu yoika mafilimu m'mafoni, ndiye ndinaganiza kuti nawonso anaionera. Ndinasangalala kuti ndapeza mnzanga wondimvetsa.

"Zikomo, mayi. Sindimayembekezera."

"Zachitikira kuti?"

"Ali pa ntchito. Anamutuma ndi abwana ake."

"Ntchito zimenezi!" anapukusa mutu. "Koma anali munthu wabwino, eti?"

Vuto langa ndi loti funso sindiliyankha mbali imodzi. Kusukulu anatiphunzitsa kuti chilichonse uzichiona uku ndi uku.

"Ubwino unalipo," ndinatero. "Wolimba mtima, waukhondo, suti yosita nthawi zonse. Koma tinene zoona, mayi. Mowa! Galimoto ya kuntchito akam'patsa, ankabweza zidutswa. Ndiye akazi! Kulikonse kumene wapita, mkazi watsopano."

"Inu mukudziwa?"

"Ndikuona ndi maso angawa. Poyamba zinkandinyansa, kenako ndinangozolowera."

Abiti Saidi anagwira pakamwa.

"Komabe achimwene a ku Lilongwe akuti ayamba kale kufunafuna wina woti alowe m'malo."

"Lero lomwe lino?"

"Zinthu siziima, mayi. Ine ulendo uno ndikanakonda apeze wamtali, wachinyamata pang'ono. Uyu anayamba kuoneka wotopa."

Abiti Saidi anadzuka, n'kuiwala silipasi imodzi. Ine ndinati mwina asiya ndiwo pamoto. Ndinalowa m'bafa kukasamba kuti maso aphwe.

Abiti Saidi ndi munthu wachangu, ndipo kwa anzathu achisilamu maliro sachedwa. Pomwe ndinkatuluka m'bafa, abambo awiri amene sindinawaonepo anali akutulutsa sofa yanga. Tebulo inali kale pabwalo. Pamsewu anali atayala masamba. Kuseri wina ankawaza nkhuni. Amayi a kumpingo kwathu anali akulowa mondondozana, atamanga mipango, patsogolo pali Mayi Namaona, amene amatsogolera nyimbo.

Pamenepo m'pamene mutu wanga wa ku koleji unayamba kugwira ntchito.

"Dikirani! Sanamwalire munthu! Ndi filimu!"

"Zimatero, mwanawe," anatero Mayi Namaona, akundisisita kumsana. "Tsiku loyamba zimaoneka ngati filimu."

"Ayi, mayi, mundimvetse. Amuna anga akubwera madzulo ano!"

"Akubwera nawo lero lomwe? Uzani abambo panjapo akonze polowera galimoto!"

Anandikhazika pa mphasa pakona, kundifunditsa chitenje kumutu, n'kundilanda foni, ati namfedwa sayankha mafoni yekha. Ndikati ndidzuke, manja anayi ankandibweza pansi. Ndikati ndilankhule, nyimbo inkakwera. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti pa maliro aliyense amamvedwa kupatula mwini maliro.

Kunena mwachilungamo, anthuwo sanalakwe. Tinali alendo a masabata atatu, koma wina anabweretsa ufa, wina kabichi, wina shuga. Asilamu ndi Akhristu anakhala mphasa imodzi chifukwa cha ine. Mbali imodzi mtima unkathokoza kuti tasamukira pakati pa anthu. Mbali inayo ndinkamva manong'onong'o kumbuyo kwanga.

"Akuti akazi mpaka ku Mozambique."

"Magalimoto atatu a boma, phwanyu!"

"Mayiwa apirira. Koma zopeza wina thupi lisanafike, ayi, zawonjeza."

Mbiri ya bambo a Tadala, munthu amene samwa ngakhale thobwa lowawasa, inali kuthera pamaso panga.

Cha m'ma folo koloko galimoto ya kuntchito inawatsitsa pamsewu, dalaivala ataona masamba. Ndinawaonera pa zenera akubwera ndi jumbo ya mapichesi a kuphiri. Anavula kapusi. Atamva nyimbo ikuchokera m'nyumba mwawo, anaganiza kuti wapita ndine. Mwa mwambo anayamba apita kwa abambo anzawo, n'kukhala pamphepete pa sofa yawo yomwe. Zimene anakambirana anandiuza okha pambuyo pake.

"Pepani, akuluakulu. Watisiya ndani?"

"Bambo a nyumba ino."

"Bambo a nyumba ino?"

"Eya, ngozi ya kuntchito. Ndinu achibale?"

"Ndimawadziwa ndithu."

"Ndiye mukudziwa kale khalidwe lawo. Akuti botolo silinkachoka m'manja, akazi boma lililonse. Mayiwo sakudandaula kwenikweni. Alongo awo a ku Lilongwe awapezera kale wina, wamtali."

Amuna anga ndi aafupi. Nkhani imeneyi saikonda.

Anadzuka, jumbo ili m'manja, n'kudzaima pakhomo. Mayi Namaona, amene anawaonapo kutchalitchi kamodzi, anasiya nyimbo pakati pa vesi. Amayi ena anapitiriza mizere iwiri, kenako nawonso zii. Ine ndinavundukula chitenje pang'onopang'ono.

"Awa ndi amuna anga," ndinatero ndi mawu aang'ono. "Womwalirayo ndi wa mu laputopu."

Abiti Saidi anandiyang'ana, kuyang'ana amuna anga, n'kufunsa, "Ndiye ufa uja tibweze?"

Bambo a Tadala anaika mapichesi pansi bwinobwino, n'kukonza kolala ya malaya.

"Amayi a Tadala," anatero mofatsa, anthu onse akumva, "za imfa yangayi tikambirana bwino lino. Za mowa ndi akazi tikambirananso. Panopa ndingofuna kudziwa chinthu chimodzi. Wamtaliyo ndani?"

Anzanga, akakufunsani ngati womwalira anali munthu wabwino, ingoyankhani kuti eya.