Kabati ya a Makiyi

Ine sindikonda kukokomeza, choncho zimene zinawaonekera a Makiyi muzimve momwe zinalili. Bambowa ntchito yawo ku ofesi ya boma inali imodzi basi: kusunga kiyi wa kabati yachitsulo ya m'khonde. Kiyiyo anamutaya kalekale, koma kabati sinadandaule, iwonso sanaulule.

Kenaka boma linatulutsa ndondomeko yatsopano ya chitukuko, yoti wantchito aliyense aonetse chimene amagwira, apo ayi udindo wake uthe. Kunabwera mayi wa kafukufuku, fomu ili m'manja.

"Mumatani pano, bambo?"

"Ndimasunga zikalata zofunika kwambiri m'dziko muno, mayi," anatero a Makiyi, chifuwa chili patsogolo.

"Tatsegulani tizione."

Anatulutsa mulu wa makiyi a kunyumba kwawo. Wa kuchipinda anakana. Wa khola la nkhuku analowa bwinobwino, n'kuthyokera momwemo.

"Imachita manyazi ikaona alendo," anatero akuseka okha.

"Achimwene, ingonenani kuti munataya," anatero mayi wokolopa, atatsamira mopu.

"Inu kolopani!"

A Makiyi anabwereka supuni ya tiyi, inapindika. Ndiye tamverani: anagwira chogwirira ndi manja awiri, phazi lili pachitseko, n'kukoka. Chogwirira chinazuka, iwo n'kukakhala m'ndowa ya mayi wokolopa, khuvu! Kabati itaona zimenezi inatseguka yokha, pang'onopang'ono.

Munali mtolo umodzi wokha wa mapepala, womangidwa ndi chingwe, wosamasulidwapo. Mayi wa kafukufuku anasasa fumbi. Inali ndondomeko yakale yokonzanso ntchito za boma. Anawerenga mpaka tsamba lachitatu.

"Bambo, udindo wanuwu unathetsedwa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo."

A Makiyi, madzi akuchucha m'buluku, anakumbuka ana awo asanu.

"Ndiye muuthetsanso kachiwiri, mayi?"

Mayi anayang'ana fomu. Panali mabokosi atatu: udindo usiyidwe momwe ulili, usamutsidwe, kapena uthetsedwe. La udindo wotha kale panalibe. Anaimbira bwana wake, bwanayo n'kuimbira bwana wakenso, ndipo yankho linabwera loti nkhaniyi ndi yovuta, idikire ndondomeko yotsatira, ikatha iyi ya zaka zisanu.

Potsazika, mayi uja anawapatsa buku la ndondomeko yatsopano.

"Poti zikalata mumasunga ndinu, ili musunge bwino."

A Makiyi analilandira ndi manja awiri, buluku likudonthabe.

"Musadere nkhawa, mayi. Palibe adzaligwire."