Zikwangwani za Timu ya Edina

Lolemba

Ndine kochi. Ndikulemba pano kuti ndikhulupirire.

Dzulo potuluka m'tchalitchi, Zione anandiimitsa pakhomo. Zione amalera ana ku Al Furjan, kuno kudziko la Aluya, koma kale ankasewera mpira wamanja ku Balaka, mu timu imene malemu mkazi wanga Edina ankaphunzitsa. Akuti amayi a ku Malawi apangana masewero ndi amayi a ku Zambia: Lamulungu likudzali, bwalo la kupaki, folo koloko. Timu ya a ku Malawiyo aitcha kale dzina la Edina. "Ndiye kochi ndinu, adadi. Munali amuna awo a kochi, zonse mukuzidziwa."

Sindinakane. Kukana kumafuna mawu ambiri, pomwe ine pa tsiku ndimalankhula mawu osakwana makumi awiri, ndipo ambiri ndi moni wa pakhomo.

Mantha ndilibe kwenikweni. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sindinajombepo ku masewero a Edina. Nkhawa ndi imodzi: dzina lakelo lisachite manyazi pamaso pa anthu. Patha zaka ziwiri ndisanalimve likutchulidwa mokweza.

Zofunika:
kope
wezulo
nzeru

Kope ndagula.

Lachiwiri

Nzeru zapezeka, pantchito pomwe pano!

M'nyumba yosanja imene ndimalondera ku Marina muli kanema wamkulu pafupi ndi tebulo langa. M'mawa uliwonse mkulu wina wa ku Amereka, wa nsanjika ya 14, amatsika ndi khofi kudzaonera mpira wa anyamata a m'makoleji a kwawo. Mpira wake ngati papaya. Osewera avala zipewa zolimba, akugundana ngati nkhosa. Miyezi itatu ndakhala ndikuyesa ndewu. Lero ndafunsa. Khofi wazizira, mkuluyo akufotokozabe.

Akuti makochi alipo a mitundu iwiri.

Woyamba ndi Wapepala. Wokalamba, wamimba. Ali ndi pepala lalikulu lokutidwa ndi pulasitiki, ndipo akamalamula amabisa nalo pakamwa kuti adani asawerenge milomo. Anyamata ake amayamba aunjikana n'kunong'onezana. Kenako mmodzi afungatira mpira, anzake amukankhira njira, ayenda mapazi atatu, agwa. Adzuka, anong'onezananso. Ngolo ya ng'ombe yeniyeni. Koma imafika.

Wachiwiri ndi Wazikwangwani. Wachinyamata, sakhala pansi, zonong'onezana alibe nazo nthawi. Amangokweza chikwangwani cha chithunzi, kaya bakha kaya nsapato, anyamata ayang'ana kamodzi, mpira uli kale m'malere. Minibasi ya pa Zalewa: ikafika imafika msanga, ikapanda kufika kaifuneni m'ngalande.

Mkuluyo akuti woyambayo amatenga zikho, wachiwiriyo amadzaza bwalo. Ine nditenga za onse awiri. N'zodabwitsa kuti palibe amene anaziganizapo!

Lachitatu

Makatoni asanu, ndatola m'chipinda cha zinyalala. Ndajambula pa nthawi ya nkhomaliro.

Ngolo: senta afungatire mpira, awiri amutsegulire njira.
Minibasi: kuponya kutali, wowakha athamange nawo mpaka pagolo.
Chidebe: kunamizira kumanzere, kuthawa nawo kumanja.
Nkhuku: onse abalalike.
Ngamila: tanthauzo sindinalipeze, koma yajambulika bwino.

Kuyeserera pabwalo n'kosatheka. Osewera anga onse amakhala m'nyumba za mabwana awo, ndipo tsiku lopuma ndi Lamulungu lokha, lomwelo la masewero. Basi tiyeserera pafoni. Ndatumiza zithunzi ku gulu, ndajambulanso mawu ofotokoza chilichonse, mphindi zisanu zathunthu.

Mayankho: Amen anayi. Zione: "Adadi, mawu anu sakumveka, mukunong'oneza ndani?" Mayi Phiri, shuta wathu: "Nkhukuyi ili ndi chitopa?"

Nkhukuyo ndi yabwinobwino. Ikuthamanga.

Lachinayi

Katsoka pang'ono. Magulu a pafoni ndili nawo awiri, ndipo onse ali ndi chithunzi cha mtanda. Zinsinsi zanga ndinatumiza ku gulu la mpingo wonse. Muli abusa. Muli a ku Zambia onse. Pa Amen anayi aja, atatu ndi a adani!

Mayi Tembo, kochi wawo, alemba: "Ba kochi, ngamila yanu ni yabwino maningi. Pa Sande tizakuchayani chabe, osadandaula."

Wapepala amabisa ngakhale milomo. Ine ndagawa pepala lonse ngati nyimbo za kwaya.

Ndauza mkulu wa pa 14. Waseka mpaka khofi kutulukira m'mphuno. Akuti kwawo kochi wotere amapakira katundu tsiku lomwelo. Atapuma wandilangiza kuti ndisinthe matanthauzo, adani aloweze zabodza.

Za osewera: madamu a Mayi Phiri akufuna kupita nawo ku Abu Dhabi Lamulungu. Mayi Phiri akuti: "Inshallah asintha maganizo, adadi, muzipemphera." Wina wapsa chala ndi simbi. Tikaphatikiza wachalayo ndi Mayi Phiri, tikukwana asanu ndi awiri ndendende, popanda wolowa m'malo.

Lachisanu

Ndasintha. Ngolo tsopano ndi Minibasi. Minibasi ndi Chidebe. Nkhuku ikakwezedwa chadodolido ndi Ngolo. Pofika masana mwiniwake ndasokonezeka, ndabwezera zonse mwakale. Ngamila yokha sinavute.

Ndalemba malangizo onse ndi chala, liwu ndi liwu, kuti za kunong'ona zithe. Ndatumiza ku gulu loyenera. Ndayang'ana katatu.

Pa kanema lero akumana okhaokha, Wapepala ndi Wazikwangwani. Wazikwangwani wagoletsa kawiri mkulu wa pa 14 asanakhazikike n'komwe pampando. Wapepala sakutekeseka. Mapazi atatu, mapazi atatu, mpaka anyamata a mnzake ayamba kugwira m'mawondo. Yapambana ndi ngolo! Ndangozindikira ndikuwomba m'manja, ndili mu yunifolomu. Mayi wina wotuluka m'chikepe wandiyang'ana kawiri. Amandidziwa ngati gawo la khoma.

Kodi Edina akanakonda uti? Ndikuona ngati akanawakalipira onse awiri chifukwa cholekerera ana a eni kugundana mitu.

Loweruka

Zione waimba foni ali m'chipinda chochapira, makina akulira kumbuyo.

"Adadi, ndawerenga zonse. Musakhumudwe. Mu mpira wamanja sitithamanga ndi mpira. Ukawakha, waima pomwepo. Ndipo ukakankha munthu, wezulo."

Ndikuyang'ana makatoni anga. Ngolo yafa. Minibasi yafa. Chidebe chafa. Kwatsala Nkhuku ndi Ngamila.

"Koma adadi, zaka zonse zija munkaonera chiyani?"

Foni itaduka ndikuyesa kukumbukira masewero amodzi okha. Palibe. Sindikudziwa ndani ankaima pati, kapena ankapambana ndi zigoli zingati. Chimene ndikuona ndi ichi: chitenje chomangidwa pamwamba pa buluku. Wezulo wa chingwe chofiira. Mwendo wakumanzere umene unkadzuka wokha shuta akamaponya. Ndipo mtsikana akachedwa ndi mpira m'manja, mawu omveka mpaka kumsika: "Ponya iwe! Si mwana ameneyo!"

Pepala analibe. Chikwangwani analibe.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa benchi lomwelo, ndipo mpira sindinauyang'anepo.

Lamulungu

Takwana. Mayi Phiri atsika pa takisi atavalabe yunifolomu ya kuntchito. Madamu awo agwidwa ndi chimfine. Mulungu awachiritse, koma mawa.

Makatoni ndabwera nawo ndithu, pa sitima ya Metro, anthu akundipatsa malo. Ntchito zimene agwira:
Ngolo, akhalira abusa.
Minibasi ndi Chidebe, zokupizira mphepo.
Nkhuku, ndakweza kamodzi. Ayang'ana a ku Zambia okha, ndipo abalalika bwino kwambiri.

Popuma tili kumbuyo kutali. Anthu anga sabata yonse amanyamula ana a eni, ndiye mpira akuugwiranso choncho, mosamala, osafuna kuupereka kwa wina. Wezulo, wezulo, wezulo. Mayi Tembo akuvina m'mbali mwa bwalo.

Tabwereramo. Mayi Phiri ali pansi pa golo, mpira uli pachifuwa, akuyang'ana uku ndi uku. Sindikudziwa kumene mawu achokera.

"Ponya iwe! Si mwana ameneyo!"

Abusa atsetsereka pa Ngolo. Ine kunena iwe kwa mayi wa mwini, pagulu! Mayi Phiri aponya chifukwa cha mantha, ndipo chalowa! Zione wagwira pakamwa, akuseka, misozi ikutsika. Kuyambira apo aliyense akukuwa zomwezo, ndi a ku Zambia omwe. Anthu oyenda m'paki aima. Amayi athu ayamba kuimba dzina la timu, ndipo likumveka mpaka kumsewu.

Tagonja ndithu, ndi zigoli zitatu.

Ndapepesa kwa Mayi Phiri. Akuti: "Mukanayamba kale, adadi, tikanawina."

Mayi Tembo abwera ndi botolo la madzi. "Ba kochi, uyo Edina anali ndani?" Ndayamba kufotokoza za chingwe chofiira ndi mwendo uja. Akuti ndalankhula mpaka mandasi onse amene amayi anabweretsa kutha. Mawu a mwezi wathunthu atheratu lero.

Timu yakhala pansi n'kugwirizana. Ukochi ndipitiriza, koma ntchito zanga ndi ziwiri: kunyamula madzi ndi kukuwa. Zojambula andiletsa. Chabwino. Ngamila atenga a ku Zambia ngati chikho.

Mawa ndikamuuza mkulu wa pa 14 kuti anawerenga molakwika. Makochi alipo a mitundu itatu. Wachitatuyo ndinkakhala naye m'nyumba, ndipo lero wandisiyira mmero wopweteka.