Makhoti a ku Amereka m'Mutu mwa a Gwanda

Malemu a Japhet Gwanda sanapondeko ku Amereka ngakhale tsiku limodzi, koma zigamulo za makhoti akumeneko ankazidziwa kuposa mayina a adzukulu awo. Anazitola mulaibulale ya ku Maryhill atapuma ntchito yosamalira okalamba. Ukawapatsa moni, iwo ankakuyankha ndi chaka cha chigamulo. Ukawapempha mchere, chaka china. Amalawi a mu Glasgow ankawakonda nazo, kupatula Mayi Ketrina a ku Springburn, amene ankati bambo ameneyu Mulungu anamupatsa pakamwa pawiri n'kumumana makutu.

M'basi ankakhala kutsogolo kokha. Kukadzaza, ankaima chilili pafupi ndi dalaivala.

"Bambo Gwanda, kumbuyo kuno malo alipo," anatero Mayi Ketrina tsiku lina, manyazi atawagwira.

"1956, mayi! Khoti linathetsa zosankhana mipando ku Alabama. Anthu akuda anakana mabasi n'kuyenda pansi chaka chathunthu."

"Nanga kuno wakuthamangitsani ndani?"

"Palibe. Ndikungolondera."

Kutchalitchi pa nthawi ya chakudya, abambo ankakhala patebulo, amayi kukhitchini. A Gwanda ananyamula mbale yawo n'kukadzipanikiza pakati pa amayi a Mvano, ati mu 1954 khoti lalikulu linagamula kuti kulekanitsa ana m'sukulu si chilungamo.

"Ino si sukulu!" anakalipa Mayi Ketrina.

"Mfundo ndi yomweyo," anayankha, akutola ntchafu ya nkhuku yachitatu.

Zonsezo zinali zopirika. Chidani chenicheni chinayamba pamene Temwa, mwana mmodzi yekhayo wa Mayi Ketrina, anabwera ndi Felix, mzungu wokonza mapaipi wa ku Shawlands. Mayiwo anakana kwamtuwagalu. Sanavutike ndi mashifiti zaka zonsezi kuti mwana akwatiwe ndi munthu wopereka moni dzanja lina lili m'thumba. Anachenjeza abambo onse a mumpingo kuti wina asayerekeze kukhala nkhoswe, ndipo onse anamvera poti ankawaopa. A Gwanda anasita suti, n'kudzipereka kukhala nkhoswe.

"Ndinu ndani inu pa mwana wanga? Amalume ake ali ku Ntcheu!" anawazazira Mayi Ketrina.

"1967, mayi. Majaji asanu ndi anayi, onse mawu amodzi: boma lisaletse ukwati chifukwa cha khungu."

"Ine sindine boma!"

"N'chifukwa chake mlandu wanu ndi wofooka kwambiri."

Ukwati unachitika, mayiwo osapitako. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha osalankhulana ndi Temwa. Koma nkhoswe ija sinawasiye. Loweruka lililonse masana inkagogoda popanda woiitana, kumwa tiyi wawo, kutha mabisiketi, kuwalalikira za ufulu wovota wa 1965. Kenako inkasiya foni patebulo, zithunzi zili poyera, n'kulowa kuchimbudzi theka la ola.

"Mwafera momwemo kodi, wakuba ana inu?"

"Muno muli mtendere, mayi. Musafulumire."

Ankawada, ndipo ankanena poyera kuti amawada. Koma pa foni yomweyo ndi pamene anaonera mdzukulu wawo Grace akukwawa, akuyamba sukulu, ataguluka mano awiri akutsogolo. Sanafunsepo kanthu. Ankangobwezera foni pamene inali, n'kupukuta m'maso a Gwanda asanatuluke.

Mtima wa a Gwanda unaima m'mwezi wa Malichi. Pamaliro Temwa anakhala mbali ina, mayi ake mbali ina, wowalumikiza ali m'bokosi. Kuchokera pamenepo kutchalitchi anthu amadya msanga n'kubalalika, poti palibenso woyambitsa mkangano. Nkhuku imatsala, ndipo palibe amene amakondwa nazo.

Mayi Ketrina anapirira Loweruka katatu. Kachinayi anavala jekete n'kukwera sitima ya ku Shawlands kwa Temwa, akutukwana malemuwo njira yonse. Munthu wamwano, kufa dala kuti iwo achite manyazi pa ukalamba uno!

Chitseko kanatsegula kamtsikana ka mano awiri atsopano, amene iwo sanawaonepo pa chithunzi chilichonse. Kanawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kufunsa m'Chingerezi cha ku Glasgow kuti iwo ndi ndani.

Mayi Ketrina anacheuka ngati pali wina woti awalankhulire. Pamasitepe panalibe munthu.

"Ndine agogo ako," anatero. "Kawauze amayi ako kuti ndabwera ndekha."