Chimanga cha Pansi pa Matiresi

Lolemba

Lero ndayamba nzeru zatsopano. Chaka chatha nkhokwe yathu inatha mu Januwale, osati chifukwa timadya kwambiri, koma chifukwa nkhokwe imakhala pabwalo ndipo aliyense wodutsa amaiona. Uyu maliro, uyu chinkhoswe, uyu "kangachepe chabe, aphunzitsi." Pofika Febuluwale ine, mphunzitsi wa Sitandade 4 wovala tayi, ndinali pa msika wa Nsaru kugula chimanga cha pa mbale. Chaka chino ayi!

Zomwe tili nazo:
- chimanga chotonola, matumba khumi ndi awiri
- mtedza, matumba awiri
- nyemba, ndowa imodzi ndi theka
- mfutso, zikwatu zisanu ndi chimodzi
- mchere wokwanira mpaka mvula

Malamulo:
1. Zonsezi zikhale kuchipinda kwathu, osati m'nkhokwe.
2. M'nkhokwe muikidwe chimanga chonyozeka chokha, cha anthu oona.
3. Wofunsa aliyense yankho ndi limodzi: "Chaka chino zativuta."

A Chisale a ngolo atula matumba kuseri kwa nyumba mmamawa, anthu asanayambe kuyenda. Ndawapempha kuti asunge pakamwa. Angoseka.

Bedi ndamasula. Matumba ndasanja bwinobwino, mankhwala a fumbi ndathira, matiresi ndaika pamwamba. Kukwera kwake mpaka kupondera mpando. Akazi anga a Naphiri aima pakhomo, manja m'chiuno: "Chimangachi sichinaume, bambo." Ndawauza kuti nkhani za sayansi azisiyira ife ophunzira.

Lachiwiri

Mayeso oyamba, ndipo ndakhoza!

Wabwera mlongo wanga Nabanda, uja amuna ake anamwalira chaka chapitachi n'kumusiyira ana anayi. Beseni lopanda kanthu m'khwapa. Ndakhala pakhonde, dzanja pa tsaya, nkhope yomwe ndinaiyeserera pa galasi. "Chaka chino zativuta, mlongo wanga." Wasuzumira m'nkhokwe. Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Pepani achimwene." Wabwerera ndi beseni lake.

Ndapambana. Koma n'chifukwa chiyani tiyi sakutsika?

Ine ndine atsibweni a ana amenewo, mbumbayo ndi yanga. Komabe si kuti ndamumana. Ndangochedwetsa. Ndidzamupatsa mu Febuluwale, pa nthawi yake, mwadongosolo.

Vuto laling'ono lomwe sindinaliganizire: ufa m'nyumba watha. Munthu amene zamuvuta sangapite ku chigayo ndi thumba lodzaza pa njinga. Chigayo chili pakati pa mudzi ndipo amayi a pamzere amawerenga matumba a anzawo kuposa ana anga masamu. A Naphiri akuti: "Ndiye tiziphika malamulo anuwo?"

Tadya mbatata.

Lachitatu

Matiresi akufunda. Mwezi wa Juni uno, kunja kukuzizira mpaka mano kugwedezeka, koma ife tadzuka thukuta lili kamukamu. Ndapisa dzanja m'thumba lapansi: chimanga chikutentha. Ndaluma njere imodzi, m'malo mothetheka yangophwanyika ngati chingowe.

Sichinaume. A Naphiri atenga tsache. Akungoimba nyimbo ya kutchalitchi akusesa, ndipo akuimba mokweza dala.

Chofunika n'kuyanika padzuwa masiku atatu. Koma dzuwa lili panja, ndipo panja pali anthu!

Zina za lero:
- Ndagwa potsika pabedi. Chigongono chatupa.
- Makoswe apeza mtedza. Akuswa makoko ngati ali pa ukwati.
- Ndapita kwa a Nankhoma, oyandikana nafe, omwenso amatsogolera amayi a kumpingo, kukabwereka mphaka. Iwo: "Makoswe akudya chiyani kwanuko, poti mwati mulibe kanthu?" Ine: "Makope a ana a sukulu." Iwo: "Kalanga ine, njala mpaka makoswe kudya mapepala!"

Andipatsa mphaka. Andipatsanso maungu awiri. Ndalandira ndi manja awiri, maso pansi.

Lachinayi

Nkhani yafika kusukulu ine ndisanafike.

Pa nthawi yopuma aphunzitsi anzanga andisiyira mandasi aakulu. A hedi andiitanira pambali, mawu otsitsa: "Zikavuta musamabise, tonse ndife anthu." Ndinafuna nthaka itseguke.

Koma zimenezo n'zazing'ono.

Pofika kunyumba ndapeza beseni lija la Nabanda lili pakhonde, lovundikira ndi kansalu. Lodzaza ufa woyera, wokonola bwino. Wangolisiya n'kupita. Munda wake ndimaudziwa, ndi kachigawo kamchenga kuseri kwa dambo, ndipo chaka chino sanathire feteleza ngakhale kamodzi. Ufa umenewu wachotsa pakamwa pa ana ake.

A Naphiri aphika, andiikira patsogolo: "Idyani. Ndi wa mlongo wanu."

Ndadya. Ndikuchita manyazi kulemba, koma ndadya, ndiponso ndawonjezera, chifukwa mbatata zinali zitanditopetsa.

Mphaka uja wagona pamatumba pofunda. Khoswe wamudutsa pamphuno, iye wangotsegula diso limodzi.

Lachisanu

Tsoka lenileni. Amayi a kumpingo abwera kudzatipempherera. Khumi ndi atatu, a Nankhoma patsogolo. Akhala pa mphasa pabalaza, moyang'anizana ndi chitseko cha kuchipinda.

Ine ndakokera mpando pachitsekopo n'kukhala ngati mlonda.

Nyimbo yoyamba: anankafumbwe atatu akutuluka pansi pa chitseko, pamzere. Ndawaponda.
Nyimbo yachiwiri: nkhuku yalowa, yalunjika pakati pa miyendo yanga, ikujompha njere zomwe makoswe akankhira pansi pa chitseko. Ndaikankha ndi phazi. Yabwerera ndi anzake awiri.
Pemphero: a Nankhoma akulira misozi yeniyeni. "Atate, onani nyumba iyi mulibe kanthu. Tsegulani nkhokwe zanu zakumwamba!" Nthawi yomweyo kuchipinda thumba lina lagwa, phi! Onse: "Ameni!"

A Naphiri anena kuti ndi mphaka. Aka n'koyamba kunama chikwatiraneni, ndipo anamira ine. Amayi atapita, a Naphiri atenga mphasa, akuti agona ndi ana.

Alendo asiya nyemba m'kambale, tomato, ndi sopo theka. Mayi wina wokalamba amene amayenda ndi ndodo wasiya mazira awiri. Mazirawo sindingathe kuwayang'ana.

Loweruka

Ndaganiza zokonza zinthu mwakachetechete. Thumba limodzi ndipereke kwa Nabanda, ndinene kuti ndagula. Ndamanga pa njinga, ndaphimba ndi chitenje, ndadzera njira ya kudambo kuti ndisakumane ndi munthu.

Ndakumana ndi a Mbewe, mkulu wa mpingo.

Ayang'ana thumba, ayang'ana chigongono changa chotupa, apukusa mutu. "Aphunzitsi athu mpaka kuyenda m'midzi kupempha chimanga, ife tilipo?" Ndayesa kutsegula pakamwa, andigwira phewa. "Musanene kanthu. Mawa ndi tsiku la masika, inu musabweretse chilichonse. Tamva kale zonse."

Andiperekeza mpaka kunyumba, akundithandiza kukankha njinga. Thumba labwerera kumene linachokera.

Masika! Ndinaiwaliratu. Mawa aliyense apita ku tchalitchi ndi gawo la zokolola zake kukathokoza. Chaka chilichonse ine ndimapereka thumba lathunthu, ndipo ndimaonetsetsa kuti ndalowa nalo anthu atakhala kale.

Ndatsegula matumba apansi. Atatu achita chuku chobiriwira. Fungo lake ngati la masese.

Lamulungu

Ndilembe, mwina mtima utsika.

Zopereka za masika zaunjikidwa kutsogolo. Nabanda wapereka kalichero kamodzi. Kenako a Mbewe aimirira: akuluakulu agwirizana kuti thumba loyamba lipite kwa m'bale amene zamuvuta koma sadandaula. Atchula dzina langa. Mpingo wonse m'manja, nthungululu. Ndayenda kupita kutsogolo. A Chisale a ngolo agwidwa ndi chifuwa mpaka atuluka panja.

Ndinayenera kunena pomwepo. Sindinanene. Ndati, "Zikomo."

Titaweruka, amayi andiperekeza ndi nyimbo mpaka kunyumba, thumba lili pa ngolo ya a Chisale omwewo. Ndati aliike pabalaza. A Nankhoma akana: "Pano nkhuku zimalowa, tinaziona. Chakudya chimakhala kuchipinda." Ndayang'ana a Naphiri kuti andipulumutse. A Naphiri apita okha n'kutsegula chitseko.

Nyimbo yathera pakati.

Matumba mpaka pawindo, matiresi pamwamba, mphaka pamwamba pa matiresi. Ndi fungo lija. Mayi wa mazira uja wafika kutsogolo ndi ndodo yake, wasuzumira nthawi yaitali, wabwerera.

Woyamba kulankhula ndi Nabanda. Wapisa dzanja m'thumba, waluma njere. "Chikuwola ichi. Tulutsani mphasa." Amayi amanga zitenje pamwamba pa zovala za kutchalitchi, ndipo tsiku la Sabata lomweli chimanga changa chonse chayanikidwa pabwalo. Ngakhale a Mbewe sanaletse. Odutsa pa msewu amatsika pa njinga kuti aone bwino.

Thumba la mpingo ndabweza ndekha, pamutu, kudutsa pakati pa mudzi. Njira yake si yaitali choncho masiku onse.

Madzulo Nabanda wabwera kudzatenga beseni lake. Ndagwada kuti ndidzazemo chimanga, ndikuyesa kufotokoza za Febuluwale ndi dongosolo. Wandidula.

"Ndinadziwa Lachiwiri lomwe lija, achimwene. Buluku lanu linali mbuu ndi mankhwala a chimanga."

"Nanga ufa uja unabweretseranji?"

"Ndinaona kuti mwadzitsekera njira ya ku chigayo. Ana anu akanadya chiyani?"

Zomwe zatsala:
- chimanga chabwino, matumba asanu ndi anayi, atatu mwa amenewo apita kwa Nabanda mawa masana, pa ngolo, osaphimba
- mtedza, zomwe makoswe atisiyira
- mazira awiri oti ndikabweze, sindikudziwa ndi nkhope iti

Bedi ndamanganso. A Naphiri abwerera kuchipinda, akuti chimanga chikauma chikalowe m'nkhokwe, pabwalo, pamene aliyense amachiona. Ndavomera.

Mawa ndili ndi Sitandade 4, phunziro loyamba ulimi: kasungidwe ka mbewu. Makolo awo onse anali pabwalo panga lero.