Akapitawo Ayeserera Ukalamba

Inu, tamverani za Akapitawo, koma musafulumire kuseka, chifukwa ena mwa inu ndikuona imvi zayamba kusuzumira m'mbali mwa makutumo.

Bambo amenewa anali kapitawo pa shopu yokhoma zitseko ndi mafelemu a mawindo, ndipo anakhalitsa paudindowo mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Ngakhale akazi awo akapsa mtima ankati, "Inu Akapitawo inu!" Anali munthu wa thupi lake, wosadziwa ndi chimfine chomwe, mawu ngati lole ya mchenga ikukwera chitunda. Lamulo lawo linali limodzi: chitseko sichituluka m'shopu iwo asanachiyese. Ankachitsegula, kuchitseka, kuchimenyetsa, kuchigunda ndi phewa, kalipentala amene anachikhoma ali poteropo thukuta kamukamu.

Nthawi yopuma pantchito itayandikira, anyamata a m'shopu anasowa mtendere. Ikangokwana nthawi ya tiyi, Akapitawo ankakhala pa benchi n'kuyamba ulaliki.

"Ine ukalamba wanga ndinaukonza kale. Ena anabzala mitengo, ine ndinabzala ana. Wamwamuna anakwatira namwino. Wamkazi anakwatiwa ndi m'busa. Mwaona nzeru? Thupi lili ndi wolisamala, mzimu nawo uli ndi wake. Theka la chaka kuno, theka uko. M'mawa tiyi azindipeza pabedi. Masana wailesi pamimba. Madzulo adzukulu azindizula imvi, ine n'kumawauza mmene dziko linalili lisanaonongeke."

"Nanga mayi akunyumba?" anafunsa wopenta, munthu amene ankasirira mpando wa ukapitawo kuyambira kalekale.

"Azinditsata pambuyo atanyamula mapilo."

"Koma ukalambawo mwauyesa, bwana? Paja inu simutulutsa katundu wosayesa."

Wopentayo ankangonyogodola. Koma mawuwo analowa mwa Akapitawo ngati msomali m'thabwa lofewa. Tsiku lomwelo anapempha tchuthi, anadutsa pamsika n'kugula ndodo yokhota kumutu, n'kukafika kunyumba akutsimphina.

Mayi anali akusita zovala. Anayang'ana ndodo, n'kuyang'ana mwini wake.

"Mwagundidwa ndi njinga?"

"Ndikuyeserera ukalamba. Ndikupita kwa ana ngati nkhalamba yotheratu, msana wopindika, makutu osamva. Ndikaone ndi maso anga mmene adzandisungire."

"Zosamvazo n'zachiyani?"

"Gonthi ndiye amamva zambiri, mayi. Tiyeni limodzi, muzikandigwira mkono."

"Pitani nokha, bambo. Ine misala yanga ndimachitira pakhomo."

"Koma musakaulule."

"Ndiulule kuti ndinakwatiwa ndi chiyani?" anatero mayi, n'kutembenuza malaya.

Anayambira kwa mwana wamwamuna. Inu, akanakhala kuti amapereka mendulo ya kubuula, Akapitawo akanabwera nayo. Kuchokera pageti kufika pakhonde anayenda ngati kamba wodwala nyamakazi. Mpongozi wawo, namwino uja, anatuluka akuthamanga.

"Kalanga ine, apongozi! Chachitika n'chiyani?"

"Aa? Chakudya? Ndidya, mwanangu, ndidya."

"Ndati chachitika n'chiyani!"

"Nkhuku? Iyayi, musavutike. Koma ngati mwapha kale, ndilibe mawu."

Namwino sanataye nthawi. Anatulutsa makina ake, n'kuwakulunga lamba pamkono. Makina anafinya, nambala n'kukwera, paja bodza nalo limathamangitsa magazi. Mayiyo anagwira pakamwa.

"Kuyambira lero mchere ayi. Shuga ayi. Mafuta ayi. Nyama tiiwale."

Nkhuku inaphedwadi, koma inawadutsa pamphuno popita kwa anzawo. Iwo anapatsidwa masamba owiritsa, obiriwira bwino ngati angowachotsa m'kamwa mwa mbuzi. Tiyi wa pabedi uja anabweradi m'mawa, koma anali madzi ofunda amene anangomva mbiri ya tiyi. Atangomaliza kumwa, mpongozi anawadzutsa kuti azizungulira nyumba, akuti magazi ayende. Foni anawalanda. "Munthu wosamva foni ndi yachiyani?" Anaipereka kwa mdzukulu kuti aziseweretsa.

Zonsezi akanapirira. Chimene chinawabaya ndi bedi. Atakhala pansi anamva khwaa! Kukweza nsalu, anapeza pepala lapulasitiki layalidwa pa matiresi. Kusuzumira pansi, kachidebe kali phee kuwadikira. Kapitawo wathunthu, munthu wokuwira amuna a ndevu zawo! Anatsegula pakamwa kuti akalipe, n'kukumbukira kuti nkhalamba yake ndi yofatsa. Anameza mawuwo opanda mchere.

Loweruka masana banja lonse lili patebulo, mwana wawo anawayang'ana mwachifundo, n'kuwasisita paphewa.

"Madala atha basi," anauza mkazi wake, uku akumwetulira bambo ake.

Akapitawo nawo anamwetulira.

"Nyumba yawo ija tiikemo anthu a lendi. Amayi apite kwa mlongo wanga, azikathandiza kulera mwana. Awa tiwakonzere kachipinda kakuseri kaja."

"Mmene muli njinga ndi makasu muja?"

"Akwanamo onse. Zenera tidzaboola mvula ikatha."

Akapitawo anatafuna tsamba limodzi nthawi yaitali kwambiri.

"Abwana awo ndawaimbira kale," anapitiriza mwanayo. "Munthu wosamva asayandikire macheka amagetsi, angabwere kuno opanda zala. Koma kunena zoona, mkazi wanga, ine ndakula ndi mkuwo wa bambo amenewa. Mulungu watseka makutu, chabwino. Koma akanandifunsa ine, ndikanati ayambire pakamwa."

Tsamba lija linalowera njira yolakwika. Akapitawo anatsokomola mpaka misozi, mpongozi akuwamenya pamsana ndi dzanja lozolowera, mwana akufuulira m'khutu kuti, "Pang'onopang'ono, bambo! Timakukondani!"

Madzulo ake analoza chikwama, n'kutchula mwana wawo wamkazi. Sanaonepo galimoto ikulizidwa msanga chotero.

Mwana wamkazi atawaona analira misozi yeniyeni. Anawagwira manja, kuwapukuta kumaso, "Bambo anga, bambo anga," mpaka Akapitawo manyazi anawagwira. Anatsala pang'ono kuwongoka n'kunena zoona. Koma pomwepo mkamwini analowa, jekete yonyezimira, nsapato zosongoka ngati zobayira nsomba.

Mkamwiniyu anali ndi mpingo wake m'galaja ya lendi, ndipo nkhosa zinali zikuchepa sabata ndi sabata, chifukwa tsidya lina la msewu kunabwera mnzake wa zimkuzamawu zazikulu. Ataona ndodo, ataona msana, atamva kuti makutu nawo anatseka, maso ake anawala ngati munthu amene watola chikwama panjira.

"Samva ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono," anatero mkazi wake akusisima.

"Aleluya," anatero m'busa motsitsa. Kenaka anakumbuka nkhope yoyenera. "Ndikutanthauza kuti, pepani apongozi."

Lamlungu galaja inadzaza mpaka ena anaima panja, poti uthenga unali utayenda kale. Akapitawo anawakhazika kutsogolo, khutu lakumanzere litagunda sipika yotalika ngati munthu, yobwereka tsiku lomwelo. Ng'oma zitayamba, anamva mano akugwedezeka m'kamwa. Anati asunthe mpando, akulu ampingo awiri anawagwira mapewa.

"Mzimuwo wayamba kuthawa!" anakuwa m'busa. "Agwireni!"

Anawapendeketsa mutu n'kuwathira mafuta m'khutu, osati kadontho ayi, mafuta okwana kukazingira mazira. Wina anawaika bondo pamsana kuti awawongole. M'busa anabweretsa pakamwa pake pakhutu pomwepo, maikolofoni ili m'manja.

"Iwe mzimu wa ugonthi! Ndikudziwa ukundimva!"

Ankamumvadi, inu. Ankamumva mpaka m'zala za kumapazi.

Apa Akapitawo anayamba kuwerengera. Akaulula, mwana wawo wamkazi adzawaona bwanji, misozi yonse ija? Akapirira, atuluka muno ali mtembo. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma sananene kuti kuunako kunali sipika. Ali mkati moganiza, m'busa anawerama kwambiri, maikolofoni n'kugundana ndi sipika ija. Chinalira chinthu, tswiii! ngati macheka akumana ndi msomali.

Akapitawo anadumpha. Akulu ampingo anagwera uku ndi uko. Ndodo inauluka n'kukagwera pa ng'oma.

"Mundipha, anthu inu! Ndikumva! Ndikumva!"

Galaja inaphulika. Amayi nthungululu, abambo kulumpha, mafoni onse m'mwamba kujambula.

"Tamverani!" anakuwa Akapitawo ndi mawu awo a m'shopu. "Linali bodza! Zonsezi linali bodza!"

"Amen!" anayankha m'busa. "Mwamva umboni? Matenda ndi bodza la Satana!"

"Ndikuti sindinadwale!"

"Chikhulupiriro chimenecho! Nenaninso, apongozi!"

Anaona kuti pano palibe mlandu woti angawine. Anatulukira pakhomo ngati mphaka wothiridwa madzi, n'kulumpha ngalande imene ngakhale anyamata amaizungulira, mpingo wonse uli pambuyo kuimba ndi kuvina. Ndodo ija m'busa anaipachika pakhoma, ndipo ndikumva kuti sabata yotsatira anagula mabenchi ena.

Lolemba m'mamawa Akapitawo analunjika kushopu kuti akakonze zinthu. Koma thupi, abale, silidziwa nthabwala. Masiku onse aja oyenda chowerama, kuphatikiza bondo la mkulu wampingo ndi ngalande ija, msana unangoti gwa, kukana kuwongoka. Khutu lakumanzere linkangolira lokha ngati muli njuchi. Pageti la shopu anatola kathabwa kotsala kuti atsamire.

Analowa. Pampando wawo panali wopenta uja, tepi yawo yoyezera ili m'chiuno mwake, pensulo yawo ili pakhutu pake.

"Takulandirani, agogo," anatero wopenta. "Takuonani pafoni. Mumathamanga bwino mukadzozedwa."

Abwana anatuluka mu ofesi n'kuima kumanzere kwawo. Analankhula kanthawi ndithu, milomo ikuyenda, manja akuyenda.

"Aa?" anatero Akapitawo. Ndipo ameneyu anali "aa" woyamba woona chiyambire ulendo wonse.

Abwana anayang'ana wopenta, wopenta anayang'ana kathabwa. Kenaka abwana anazungulira mbali inayo n'kukweza mawu.

"Ndati mwana wanu ananena zoona! Kapumeni, bambo! Miyezi yatsalayi tisakuvutitseni!"

"Bwana, ndinkangoyeserera!"

"Tawongokani tione."

Anayesa. Msana unayankha ndi kamawu kamene aliyense m'shopumo anakamva, kupatula mwini wake.

Anafika kunyumba dzuwa lili pamutu, akukoka mwendo, ulendo uno osanamizira. Ali pageti anaima. Nyumba inali yawo, koma ngati si yawo. Makatani akuda aja, amene iwo ankati sagwira fumbi, anachoka. Panali achikasu a maluwa. Mpando wawo waukulu unali pakhonde, mphika wa maluwa utakhalapo bwinobwino ngati mlendo wolemekezeka. M'nyumba munkamveka wailesi, osati nkhani zawo zija, koma nyimbo, ndi kuseka kwa amayi angapo. Amayiwo atawaona anatsanzika msangamsanga, akubisa kuseka m'mipango.

Mayi akunyumba anatulukira atavala diresi imene Akapitawo sanaionepo, nkhope yosalala ngati achotsapo zaka khumi.

"Mwabwera msanga bwanji?"

Akapitawo anachotsa mphika wa maluwa, n'kudzitsitsa pampando pang'onopang'ono. Anafotokoza zonse: masamba, pulasitiki, kachipinda ka njinga, mafuta m'khutu, wopenta ndi pensulo. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto, akuluma mlomo kuti usawapereke.

"Ana amenewa ndi afisi," anamaliza Akapitawo. "Mapulani asintha. Ukalamba wanga ndidzakhalira pano. Inu ndi amene muzindisamala. Tiyi pabedi, madzi osamba ofunda, ndipo makatani awa achoke."

Mayi ananena kanthu motsitsa.

"Aa?"

Anazungulira mpando, n'kuwerama pakhutu lamoyo lija, n'kulankhula momveka bwino ngati akuwerenga chilengezo.

"Ndati inenso mmene munachokamu ndimayeserera."

"Kuyeserera chiyani?"

"Umasiye."

Akapitawo anayang'ana pansi. Ntchentche inatera pa kathabwa kaja, n'kuulukanso.

"Ndiye... mwauona bwanji?"

"Bambo, musandifunse. Ndikugona pakati pa bedi. Mutu uja unkandivuta zaka zonsezi unasiya tsiku lachiwiri. Anzanga akuti ndanenepa. Ndipo ndinali ndisanafike n'komwe pogulitsa zida zanu za ukalipentala zija..."

Mayi anali asanamalize, ndipo zimaoneka kuti mndandanda unali wautali. Akapitawo anawayang'ana, anayang'ana makatani achikasu, n'kupumira m'mwamba. Kenaka anatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kuwapatsa khutu lakufa lija.